Kupeza dzina la bakiteriya pa intaneti pogwiritsa ntchito DNA yake

Mwameretsa bakiteriya m'mbale ku labotale, mwatulutsa DNA yake, mwachita PCR yochulukitsa kachidutswa ka DNA komwe mukufuna, mwatumiza kwa owerenga DNA, ndipo lero imelo yafika ndi mafayilo ake. Chatsala n'kudziwa dzina la kachilomboko. Kukopera zilembozo n'kuzimata pa webusaiti ya BLAST, yomwe imayerekeza DNA yanu ndi ya tizilombo todziwika kale, sikutenga ngakhale mphindi zitatu, ndipo kompyuta sidzakumanani dzina. Ngakhale mutaipatsa zinyalala, idzakupatsanibe dzina. N'chifukwa chake nthawi yambiri m'malangizo ano tiithera pa zinthu ziwiri: kukonza zomwe mukuipatsa kompyutayo, ndi kuwerenga bwino zomwe yakubwezerani.

Tikamba kwambiri za jini ya 16S rRNA, poti ndi yomwe ambiri amayambira. Jini imeneyi ili mwa bakiteriya aliyense ndipo ndi yotalika zilembo pafupifupi 1,500. Ili ndi zigawo zina zomwe sizisintha kwenikweni, pomwe ma primer (tizidutswa tatifupi ta DNA toyambitsira PCR) amagwira, ndi zigawo 9 zosinthasintha, V1 mpaka V9, zomwe zimasiyanitsa mtundu wina ndi unzake. Carl Woese ndi George Fox ndi omwe anaonetsa mphamvu yake mu 1977, pamene anapeza kuti tizilombo tina tomwe anthu ankatiyesa mabakiteriya tinali gulu lapaderadera, lomwe lero timalitchula Archaea. Kuchokera pamenepo, aliyense wofuna kulengeza mtundu watsopano wa bakiteriya amaika 16S yake poyera, ndipo n'chifukwa chake pali zambiri zoti muyerekezere nazo.

Choyamba, tsegulani fayilo ya .ab1

Owerenga DNA m'njira ya Sanger amatumiza mafayilo amitundu iwiri. Ina imakhala ya zilembo zokhazokha, yothera ndi .seq, .txt kapena .fasta. Ina imathera ndi .ab1. Ambiri amathamangira ya zilembo poti imatseguka mosavuta, koma yambani ndi ya .ab1, chifukwa ndi yomwe ikuonetsani zomwe makinawo anaona. Mapulogalamu aulere oitsegulira alipo angapo: Chromas, FinchTV, SnapGene Viewer, UGENE, ndipo ngakhale MEGA imatha.

Mudzaona mafunde amitundu inayi. Obiriwira ndi A, abuluu ndi C, akuda ndi G, ofiira ndi T. Pamene zinthu zayenda bwino, nsonga iliyonse imaima payokha, yosongoka, yotalikirana mofanana ndi inzake, pansi pake popanda tinsonga tina tambiri. Zilembo 20 mpaka 50 zoyambirira nthawi zambiri zimakhala zopiringizika, ndipo mukadutsa cha pa 700 kapena 900 nsonga zija zimayamba kufutukuka n'kumaloŵana. Mbali ziŵirizi ziduleni. Musamve chisoni kuti sequence, mndandanda wa zilembo uja, yafupika. Zilembo 750 zoyera zimaposa 1,100 zomwe 300 mwa izo makina anangolota.

Ngati pulogalamu yanu ikuonetsa manambala a Phred pa chilembo chilichonse, agwiritseni ntchito. Phred 20 ikutanthauza kuti mwayi woti chilembocho n'cholakwika ndi umodzi pa 100, Phred 30 ndi umodzi pa 1,000. Pansi pa 20 ndi pokayikitsa.

Pali chinthu chimodzi choti muone musanapitirire. Ngati nsonga ziŵiri zikukwerana pafupifupi paliponse, kuyambira koyambirira mpaka kumapeto, ndiye kuti munalibe bakiteriya mmodzi. Munatola awiri kapena kuposa. Palibe webusaiti yomwe ingakulekanitsireni zimenezo bwinobwino. Bwererani ku mbale, falitsaninso, tolani colony (kamulu ka mabakiteriya komera pa mbale) imodzi yoima payokha, muyambirenso. N'zoŵaŵa, koma nthawi yomwe mungataye pokakamiza sequence yosakanikirana ndi yochuluka kuposa pamenepo.

Koma nsonga ziŵiri zikapezeka pamalo amodzi kapena aŵiri okha, kwina konse kuli koyera, musade nkhawa msanga. Mabakiteriya ambiri ali ndi makope angapo a jini imeneyi. Escherichia coli ali nawo 7, Bacillus subtilis ali nawo 10, pamene Mycobacterium tuberculosis ali ndi limodzi lokha. Makopewa safanana ndendende nthawi zonse. Pamalo otero musasankhe chilembo chomwe chikukusangalatsani. Ikanipo chilembo chosonyeza kukayika: R ngati ndi A kapena G, Y ngati ndi C kapena T, N ngati simukudziwa n'komwe.

Lumikizani mbali ziŵirizo

Ngati munagwiritsa ntchito ma primer odziwika aja, 27F ndi 1492R, muli ndi mafayilo awiri a .ab1. Ya 27F yaŵerenga kuchokera kumayambiriro kwa jini, ya 1492R yaŵerenga kuchokera kumapeto kubwerera m'mbuyo, komanso pa chingwe chinacho cha DNA. Choncho ya 1492R muitembenuze kaye ndi lamulo lotchedwa reverse complement, lomwe lili m'mapulogalamu onse ndatchula aja. Kenaka muziike pamodzi kuti muone pamene zakumana pakati. BioEdit ndi UGENE zimachita zimenezi, ndipo pali mawebusaiti omwe ali ndi CAP3 yolumikizira. Ngati mulibe chilichonse mwa izi, BLAST yomweyo ili ndi kabokosi kolembedwa Align two or more sequences, komwe mungaike imodzi pamwamba ina pansi n'kuona pomwe zikugwirizana.

Pamene zakumanapo ndi pomwe mumapindula, poti chilembo chilichonse chaŵerengedwa kaŵiri. Zikasemphana, bwererani ku mafunde aja muone fayilo yomwe nsonga yake ili yoyera pamalopo. Zikapanda kukumana n'komwe, musazimate pamodzi ngati kuti mpata wapakatiwo kulibe. Fufuzani iliyonse payokha muone ngati zikuloza dzina limodzi, kapena pemphani kuti akuŵerengereninso ndi primer yapakati monga 518F kapena 800R. Dulaninso zilembo za primer yeniyeniyo ngati zikuoneka kumapeto, chifukwa zilembozo n'za primer, si za bakiteriya wanu.

Mukamaliza sungani m'kalembedwe ka FASTA. Mzere woyamba uyambe ndi chizindikiro cha > n'kutsatira dzina la sampulo yanu, mzere wachiŵiri kuyambe zilembo. Gwiritsani ntchito Notepad kapena pulogalamu ina yolembera wamba. Word imakonda kubisamo zizindikiro zake.

Ku BLAST

BLAST inatuluka mu 1990, ndipo imayendetsedwa ndi NCBI, bungwe la boma losunga ma sequence, ku Bethesda, m'dziko la United States. Ndi yaulere ndipo sifuna kuti mulembetse. Pitani pa blast.ncbi.nlm.nih.gov, dinani Nucleotide BLAST, matani sequence yanu m'bokosi lapamwamba.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonyera. Amasiya database yomwe aipeza itasankhidwa kale n'kudina batani la BLAST. Database yaikulu imeneyo ndi nkhokwe yomwe aliyense amaponyamo sequence yake ndi dzina lomwe iye akuganiza kuti n'loona. Wina analakwitsa dzina zaka zapitazo, winanso anadzakopera dzinalo kwa iye, ndipo lero inu mukhoza kukhala wachitatu. Mulinso ma sequence ankhaninkhani olembedwa kuti uncultured bacterium kapena Bacillus sp., omwe sangakuuzeni kanthu.

M'malo mwake, pa gawo la Database sankhani rRNA/ITS databases, kenaka 16S ribosomal RNA sequences. Iyi ndi yaing'ono koma yosefedwa, ndipo zambiri zili mmenemo n'zochokera ku ma type strain. Type strain ndi bakiteriya yemwe anasungidwa ngati chitsanzo chovomerezeka pamene dzina linkaperekedwa. Dzinalo n'lomangirira pa iyeyo, ndiye mukayerekeza ndi iye mwayerekeza ndi mwini dzina. Manambala a ma sequence a mu database imeneyi amayamba ndi NR_. Ngati pazifukwa zina mukufunabe database yaikulu ija, chongani kabokosi ka Sequences from type material. Pa gawo la pulogalamu siyani pa megablast, yomwe ndi yoyenera ma sequence ofanana kwambiri. Kenaka dinani BLAST n'kudikira pang'ono.

Kuŵerenga tebulo

Tebulo likatuluka, maso amathamangira mzere woyamba. Aletseni. Yang'anani kaye manambala.

Query Cover ikukuuzani kuti ndi gawo lalikulu bwanji la sequence yanu lomwe layerekezedwa. Mukufuna ikhale 98 peresenti kupita m'mwamba. Kufanana kwa 100 peresenti pa theka lokha la sequence yanu si kufanana kodalirika, ndipo nthawi zina n'chizindikiro choti theka linalo n'loipa kapena linachokera kwa bakiteriya wina.

Per. Ident ndi kuchuluka kwa zilembo zofanana pa gawo loyerekezedwalo. Iyi ndi nambala yomwe mudzaigwiritse ntchito kwambiri.

E value pa ntchito iyi siyithandiza. Pa 16S yaitali pafupifupi mizere yonse idzalemba 0.0, ngakhale ya mabakiteriya otalikirana. Ndaonapo malipoti olembedwa kuti dzina n'lotsimikizika poti E value inali 0.0. Nambala imeneyo imangonena kuti kufananako sikunachitike mwangozi, basi.

Dziwaninso kuti BLAST imasanja mizereyo potsata E value kenaka score (nambala yomwe imakula ndi utali komanso kufanana kwa gawo loyerekezedwa), osati Per. Ident. Sequence yaitali yofanana pang'ono ikhoza kukhala pamwamba pa yaifupi yofanana kwambiri. Dinani mutu wa Per. Ident kuti isanjenso, koma diso lina likhale pa Query Cover.

Nanga peresenti yokwanira ndi iti? Mu 1994 Stackebrandt ndi Goebel anaika malire a species, mtundu weniweni wa bakiteriya, pa 97. Mu 2006 Stackebrandt ndi Ebers anawakweza kufika pa 98.7 mpaka 99, ndipo kafukufuku wa Kim ndi anzake wa mu 2014 anapeza 98.65. Pa genus, gulu la ma species apachibale, Yarza ndi anzake m'chaka chomwecho cha 2014 anapereka 94.5. Komatu malire awa amagwira ntchito mbali imodzi. Mukakhala pansi pa 98.7, n'zotheka kwambiri kuti wanuyo si species imeneyo. Mukakhala pamwamba pake, sizitanthauza kuti ndi iyeyo. Zangotanthauza kuti akhoza kukhala iyeyo.

Tiyerekeze kuti sequence yanu ili ndi zilembo 1,400. Kusiyana kwa 1.3 peresenti ndi zilembo pafupifupi 18. Ndiye tebulo lakupatsani species yoyamba pa 99.86, yachiŵiri pa 99.79, yachitatu pa 99.71. Mukaŵerengera, woyambayo akusiyana nanu zilembo 2, wachiŵiri 3, wachitatu 4. Chilembo chimodzi chokha chomwe makina analakwitsa, kapena chomwe inu munakonza molakwika pa mafunde paja, chikhoza kusinthanitsa woyamba ndi wachiŵiri. Pamenepo mulibe dzina la species. Muli ndi genus ndi kagulu ka oganiziridwa. Koma woyamba akakhala pa 99.8, wachiŵiri n'kutsika kufika pa 97.5, mpata umenewo ndi waukulu ndipo mukhoza kulankhula molimba mtima. Mpata wa pakati pa woyamba ndi wachiŵiri ndi wofunika mofanana ndi nambala ya woyambayo.

Sequence ikakhala yaifupi vutoli limakula. Pa zilembo 400, chilembo chimodzi ndi 0.25 peresenti. Omwe ali ndi tizidutswa ta V3 ndi V4 kapena V4 yokha, tochokera ku makina a Illumina, ayenera kukhutira ndi genus nthawi zambiri.

Musanachoke pa tsambali tsegulani gawo la Alignments muone pomwe pali kusiyanako. Kukaunjikana kumayambiriro kapena kumapeto kwa sequence yanu, mwina simunadule mokwanira. Mipata ikachuluka pomwe chilembo chimodzi chabwerezedwa kangapo, monga GGGGG, kaŵirikaŵiri ndi makina omwe analephera kuŵerenga nsonga zogundana. Bwererani ku .ab1 mukaone. Koma mukonze pokhapokha mafundewo akuvomereza. Kusintha zilembo kuti zifanane ndi zomwe BLAST yanena n'kudzinamiza nokha.

Funsani kwina

Sequence yomweyo ipititseni ku EzBioCloud, webusaiti yochokera ku South Korea. Imafuna kuti mulembetse kaye. Ubwino wake ndi woti imayerekeza ndi ma type strain, imaŵerengera kufanana pa utali wonse, ndipo imakuuzani kuti sequence yanu yakwanira peresenti zingati za jini yonse. Akatswiri ambiri ofotokoza mitundu yatsopano amadalira manambala ake. Palinso SILVA, yomwe inayambira ku Bremen m'dziko la Germany, ndipo ili ndi chida chotchedwa ACT choika sequence yanu m'gulu lake. Malo awiri akagwirizana mtima umakhala pansi. Akasemphana, nthawi zambiri mudzapeza kuti vuto ndi dzina lakale ndi latsopano, zomwe tikambe posachedwa.

Mbali yakumayambiriro kwa sequence ikamaloza genus ina, yakumapeto n'kuloza ina, ganizirani za chimera, sequence yomwe inalumikizika kuchokera ku mabakiteriya awiri pa nthawi ya PCR. Njira yosavuta yoonera ndi kuidula pakati n'kufufuza theka lililonse palokha.

Dzifunseninso ngati dzinalo likugwirizana ndi zomwe munaona ndi maso. Munaona timitengo ta Gram positive pa maikulosikopu, BLAST n'kunena Pseudomonas? China chake chasokonekera, mwina machubu anasinthana. Ineyo zinandichitikirapo: ndinatha masiku ndikuŵerenga za bakiteriya wa m'nthaka yemwe ndinkayesa kuti ndamupeza pamalo odabwitsa, kenaka ndinaona kuti negative control yanga ya PCR, chubu chomwe sindinaikemo DNA, inalinso ndi kamzere kozimiririka komwe ndinakanyalanyaza pa gel. Mayina monga Ralstonia, Bradyrhizobium ndi Cutibacterium acnes amadziwika kuti amatulukira kuchokera m'madzi, m'mankhwala otulutsira DNA kapena pakhungu la wogwira ntchitoyo. Akatuluka pomwe simumawayembekezera, yang'anani control yanu kaye. Ndipo ngati DNA munaitenga mwachindunji kuchokera ku chomera, musadabwe kuona chloroplast, poti nayonso ili ndi 16S yake.

Magulu omwe 16S imagonja

Pali mabanja ena omwe ngakhale sequence yanu ikhale yoyera chotani, 16S singawalekanitse. Bacillus cereus, Bacillus thuringiensis ndi Bacillus anthracis ali ndi 16S yofanana pafupifupi ndendende, chonsecho woyambayo amaononga chakudya, wachiŵiri amagwiritsidwa ntchito kupha mbozi m'minda, wachitatu amayambitsa anthrax. Mukaona anthracis ali pamwamba pa tebulo musakuwe, komanso musangonyalanyaza ngati sampulo inachokera ku chiŵeto chofa mwadzidzidzi. Escherichia coli ndi Shigella nawo salekanitsika. Chimodzimodzi Streptococcus pneumoniae ndi Streptococcus mitis, gulu lonse la Mycobacterium tuberculosis, gulu la Bacillus subtilis, ndi gulu la Burkholderia cepacia.

Mukagwera m'magulu amenewa pamafunika jini yachiŵiri yomwe imasintha mofulumirapo. Zodziwika ndi rpoB, gyrB ndi recA. Pa Mycobacterium anthu amakonda hsp65 ndi rpoB, pa Burkholderia recA, pa Staphylococcus ndi Streptococcus tuf kapena sodA. Njira yofufuzira ndi yomweyi, kungoti database ya 16S ija sigwiranso ntchito. Gwiritsani ntchito yaikulu ija mutachonga Sequences from type material. Malire a 98.7 aja musawatengere kuno, jini iliyonse ili ndi ake.

Ngati muli ndi genome, DNA yonse ya bakiteriyayo, ntchito imapepuka. Ikwezeni pa TYGS, yoyendetsedwa ndi DSMZ, bungwe losunga tizilombo ku Braunschweig m'dziko la Germany, kapena pa JSpeciesWS, kapena pa chida cha rMLST cha PubMLST ku Oxford. Apa malire ake ndi ANI ya 95 mpaka 96 peresenti, kapena dDDH ya 70 peresenti, poyerekeza ndi type strain. ANI ndi dDDH ndi miyeso ya kufanana kwa ma genome awiri. Awa ndi manambala omwe masiku ano amagamula nkhani ya species.

Kujambula mtengo wa ubale kumathandizanso pamene tebulo lasiya mafunso. Tsitsani ma sequence a ma type strain 10 kapena 15 oyandikana nanu, onjezani mmodzi wa genus ina yoyandikira kuti akhale muzu, asanjeni mu MEGA, dulani onse akhale ofanana utali, n'kupanga mtengo wa Neighbor-Joining kapena Maximum Likelihood ndi bootstrap ya 1,000, yomwe imaika pa nthambi iliyonse nambala yosonyeza kudalirika kwake. Wanuyo akakhala nthambi imodzi ndi species imodzi yokha, nambala ya panthambipo n'kupitirira 70, umenewo ndi umboni wina. Akakhala pakati pa khamu lopanda manambala, mtengowo wangobwereza zomwe tebulo linanena kale.

Dzina lake lero, ndi kalembedwe kake

Mayina a mabakiteriya amasintha. Mu 2020 genus ya Lactobacillus inagaŵidwa kukhala ma genus 25, ndiye Lactobacillus plantarum tsopano ndi Lactiplantibacillus plantarum. Clostridium difficile anakhala Clostridioides difficile mu 2016. Enterobacter aerogenes ndi Klebsiella aerogenes, Bacillus megaterium ndi Priestia megaterium. Kuti mudziwe dzina lovomerezeka lero pitani pa LPSN, yomwenso ili m'manja mwa DSMZ, mulembe dzinalo. Idzakuonetsani lolondola, akale ake, ndi nambala ya type strain. GTDB nayo ili ndi mayina akeake otengera ma genome, ndipo nthawi zina amasiyana ndi a LPSN, ndiye mu lipoti nenani komwe mwatenga dzina lanu.

Polemba, dzina lisapitirire pomwe umboni wanu walekezera. Mukakhala pamwamba pa 98.7 peresenti pa jini pafupifupi yonse, wachiŵiri ali kutali, ndipo zooneka pa mbale zikugwirizana, lembani genus ndi species. Opikisana akakhala angapo, lembani genus ndi sp., kapena dzina la gululo, monga gulu la Bacillus cereus, n'kutchula oyandikana nawo. Pakati pa 94.5 ndi 98.7 lembani genus yokha. Mwina muli ndi mtundu watsopano, koma mwinanso sequence ndi yoipa, ndipo chachiŵirichi ndi chomwe chimachitika kaŵirikaŵiri. Pansi pa 94.5, ngati sequence ili yoyeradi, kwerani ku family, gulu la pamwamba pa genus.

Lembaninso utali wa sequence, database yomwe munagwiritsa ntchito, tsiku lomwe munafufuza, nambala ya NR_ ya woyandikana nanu, Query Cover ndi Per. Ident. Ma database amakula tsiku ndi tsiku, ndipo wina akadzabwereza chaka chamawa akhoza kupeza woyamba wina. Tebulolo litsitseni ndi batani la Download, chifukwa NCBI imasunga zotsatira zanu kwa maola 36 okha.

Ngati sampuloyo ndi ya munthu wodwala, dzina lochokera pa webusaiti lisakhale lokhalo losankhira mankhwala. 16S sinena chilichonse za mankhwala omwe bakiteriyayo angagonjere, zimenezo zimafuna kuyezedwa padera ku labotale ya chipatala. Ndipo pomata sequence pa intaneti, mzere wa > uja mulembepo nambala ya sampulo, osati dzina la wodwalayo.